Zidina za Mchenga

Madzi ataphwa, Jumanne anapeza makina ake osokera atakwiririka m'matope, khoma la nyumba yake litawagwera. Anawapukuta ndi malaya, koma gudumu linakana kuzungulira. Makinawo anachoka nawo ku Nyasalande, ndipo ndiwo ankadyetsa ana ake anayi, iye akusoka pakhonde la sitolo ku Kamwala.

Mvula ya chaka chimenecho inagwetsa nyumba khumi ndi zitatu m'komboni ya kuseri kwa Kabwata. Kwa azungu ku Kabulonga inangothirira maluwa. Koma Jumanne sanade mvula. Anada Kabamba, mnansi wake wa ku Luapula, amene anakumba ngalande yoteteza nyumba yake, madzi onse n'kulunjika pakhomo pa Jumanne. Nyumba ya Kabambayo inagwabe, koma zimenezo sizinamuziziritse mtima.

M'masiku a Chitaganya amenewo, wa m'komboni sankadikira thandizo la munthu. Mvula itatha, anthu anapangana kuumba zidina pamodzi, banja lililonse tsiku lake. Wokonza dothi anali Jumanne, pakuti ndiye ankadziwa la pachulu logwira bwino.

Tsiku la Kabamba litakwana, Jumanne analawirira kudzenje loponderamo dothi. Anakhuthuliramo ndowa makumi awiri za mchenga, n'kuphimba ndi dothi lofiira. Anthu anaponda akuimba, ndipo zidina zinatuluka m'chikombole zosalala ngati sopo.

"Ba Jumanne, manja yanu ni ya golide!" anatero Kabamba.

"Mudzagonamo bwino," anayankha Jumanne. M'maso mwake ankaona kale khomalo likusungunuka ndi mvula yoyamba.

Patapita masabata awiri, pochokera ku mzikiti Lachisanu, Jumanne anapeza anthu atandanda kuchokera kwa Kabamba mpaka pabwinja la nyumba yake yakugwa ija, akupatsirana zidina. Mathias mmisiri anali atayala kale mizere itatu ya zidinazo.

"Bambo a Nuria, taonani!" anafuula mkazi wake, Saida, akumwetulira. "Apa ndiye pogona ana!"

Kabamba anabwera akupukuta thukuta. "Ngalande ija inivuta mumtima, ba Jumanne. Zidina zanga zauma, zanu sitinaumbe. Iyambe yanu. Ise tizapilila mumsasa."

Jumanne anayang'ana ana ake akulumphalumpha m'kati mwa mizereyo, akulimbirana mbali ya kuzenera. Anatola chidina chimodzi, n'kuchisiya chigwe pansi kuchokera m'chiuno chabe. Chinanyenyeka ngati chigumu.

"Gumulani," anatero.

"Chimodzi chabe icho, bwana telala," anaseka Mathias.

"Zonse zili choncho. Ndinathiramo mchenga. Dala."

Mzere wa anthu uja unaima. Mayi wina anaika pansi chidina chimene chinali m'manja mwake, n'kudzipukuta pansalu. Saida anaphimba nkhope.

"Dala?" anafunsa Kabamba motsitsa mawu. "Naine nili na bana, ba Jumanne. Batatu."

Kabamba anapita kwake, anabwerako ndi chikombole, n'kuchiponya pamapazi pake.

"Dzenje mulidziba."

M'mawa mwake Jumanne anaponda dothi yekha, popanda nyimbo. Amayi ankadutsa ndi ndowa zawo osamuthirira ngakhale dontho, moti madzi ankakatunga yekha. Dzuwa litafika paliwombo anali ataumba zidina makumi anayi, ndipo nyumba ziwiri, yake ndi ya Kabamba, zinkafuna zikwi zitatu.