Dorika ndi Ndowa Imodzi ya Madzi

Dorika anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala m'mudzi wina pafupi ndi Mayani, ku Dedza. Mudziwo unali m'tsinde mwa phiri. Dorika anali ndi mng'ono wake, dzina lake Jenifa. Jenifa anali ndi zaka zitatu.

Dorika ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Jenifa asiye kutsokomola.

"Kho! Kho! Kho!" ankatero Jenifa m'mawa.

"Kho! Kho! Kho!" ankatero Jenifa masana.

Ankati akafuna kuseka, chifuwa chinkayamba.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Inadula chimanga chitangoyamba kumasula. Nthawi ya masika inafika, koma kunalibe dowe. Kunalibe maungu. Kunalibe nkhaka. Chimanga chinauma chili chiimire. Udzu unauma. Chitsime cha pamudzi chinaphwa.

Kenaka kuphiri kunabuka moto. Palibe anadziwa amene anauyatsa. Motowo unalowa m'nkhalango ya paini. Unayaka tsiku loyamba. Unayaka tsiku lachiwiri. Sabata inatha, moto ukuyakabe.

Abambo ake a Dorika anali a Gerevazio. Iwo anayang'ana kuphiri ndi kupukusa mutu.

"Moto wa m'tchire timaudziwa mu Okutobala," anatero. "Uno ndi Epulo. Chibadwire sindinaonepo zotere."

Utsi unatsika kuphiri. Unalowa m'mudzi. Unalowa m'nyumba. Unalowa m'maso ndi m'mphuno. Phiri silinkaoneka. Dzuwa linkaoneka lofiira ngati phwetekere. Phulusa linkagwera pa zovala. Linkagweranso m'mbale.

Aliyense anali wotopa.

Abambo anali otopa. M'mawa uliwonse ankatenga khasu ndi chikwanje. Ankapita ndi amuna anzawo kumalire a nkhalango. Kumeneko ankalambula udzu. Ankalambula kanjira kotakata, kuti moto ukafika pamenepo usowe chotentha. Madzulo ankabwera ali bii ndi mwaye. Maso ali psuu. Ankangokhala pakhonde.

Amayi anali otopa. Dzina lawo linali a Jestina. Iwo ankapita kudambo kukatunga madzi. Dambolo linali kutali. Jenifa ankakhala kumsana kwawo.

Dorika nayenso anali wotopa. Sukulu inali pa tchuthi, choncho ankapita nawo kudambo.

Kudambo kunali dzenje lokumba mu mchenga. Madzi ankatuluka pang'onopang'ono. Anthu anali ambiri. Madzi anali ochepa. Nyumba iliyonse inkatunga ndowa imodzi basi.

Dorika ankatunga chikho chimodzi. Ankadikira. Ankatunga chikho china. Ankadikiranso.

Pobwerera ankalandirana ndowa ndi amayi. Amayi asenze. Dorika asenze. Amayi asenze. Dorika asenze. Khosi linkawawa. Miyendo inkawawa. Ankafika kunyumba dzuwa lili pamutu.

"Awa ndi akumwa ndi ophikira," ankatero amayi potula ndowa. "Osataya ngakhale dontho."

"Ndamva, amayi," ankayankha Dorika.

Tsiku lina mchere unatha. Amayi anabereka Jenifa. Anamanga khadi lawo la chipani pa msonga ya chitenje, chifukwa masiku amenewo popanda khadi sakanalowa mu msika. Ananyamuka ulendo wa ku Mayani. Dorika anatsatira pambuyo.

Mu msika munali fumbi ndi utsi. Ogulitsa anali ochepa. Amayi analowa m'golosale ya a Zainabu. A Zainabu anali mayi wachisilamu, wamtali, wofatsa.

Dorika anadabwa. M'golosalemo munali mozizirira. Maso sankathetha ngati kunja. Jenifa anasiya kutsokomola. Anayamba kuyang'ana mabotolo a maswiti.

Dorika anayang'ana pazenera. Panali chiguduli chonyowa. Anayang'ana pakhomo. Panalinso chiguduli chonyowa.

"Amayi, n'chifukwa chiyani mwapachika ziguduli?" Dorika anafunsa a Zainabu.

"N'chifukwa cha utsiwu, mwanawe," anayankha a Zainabu. "Chiguduli chikanyowa, utsi wambiri umatsalira pomwepo. Mpweya umalowa wozizira."

Atatuluka panja, Jenifa anayambanso. "Kho! Kho! Kho!"

A Zainabu anamva. Anatuluka ndi ziguduli ziwiri zakale.

"Tengani izi," anatero. "Mwanayu akuvutika."

Amayi anagwada pang'ono ndi kulandira ndi manja awiri.

"Zikomo kwambiri," anatero. "Mwatithandiza."

Koma m'njira amayi anausa moyo.

"Ziguduli tapeza," anatero. "Nanga madzi onyowetsera tiwapeza kuti?"

Atafika kunyumba anazipinda. Anaziika pakona. Zinakhala pamenepo, zouma.

Panapita masiku atatu. Dorika ndi amayi anali atangofika kuchokera kudambo. Ndowa inali yodzaza. Anali asanamwe n'komwe.

Mwadzidzidzi mphepo inatembenuka. Inayamba kuwomba kuchokera kuphiri. Inali mphepo yotentha.

Belu la kutchalitchi linalira. Ngee! Ngee! Ngee! Koma silinali tsiku la Mulungu.

"Moto!" anafuula munthu wina kumtunda. "Moto ukutsika! Bwerani nonse!"

Amayi anatsitsa Jenifa kumsana. Anathyola nthambi ya mango ya masamba aawisi.

"Dorika, khala ndi mwana m'nyumba," anatero. "Tseka chitseko. Moto ukadali kutali. Ukayandikira, ndibwera ndekha kudzakutengani."

"Amayi, musachedwe."

"Sindichedwa."

Amayi anathamanga. Amayi ena anathamanganso. M'mudzi munatsala ana ndi nkhalamba.

Dorika anatseka chitseko. Koma utsi unalowabe. Unalowera pazenera. Unalowera kunsi kwa chitseko. M'nyumba munada ngati kukugwa mvula.

"Kho! Kho! Kho!"

Jenifa anatsokomola kwambiri. Anatsokomola mpaka misozi. M'chifuwa mwake munkalira tswii, tswii.

"Dolika," anatero Jenifa, "pakhosi pakuwawa."

Dorika anamupatsa madzi m'kapu. Jenifa anamwa pang'ono. Chifuwa sichinasiye.

Dorika anayang'ana pakona. Anaona ziguduli ziwiri zija. Anayang'ana ndowa. Inali yodzaza.

Anakumbukira mawu a amayi. Anakumbukira njira ya kudambo. Anagwira khosi lake. Linali likuwawabe.

Anakhala pansi. Anaimirira. Anakhalanso pansi.

"Kho! Kho! Kho!"

Dorika anatenga chiguduli choyamba. Anachiviika mu ndowa. Chiguduli chinamwa madzi ambiri. Dorika anakwera pa mpando ndi kuchipachika pazenera.

Anatenga chiguduli chachiwiri. Anachiviikanso. Anachiyala kunsi kwa chitseko. Anatseka mpata wonse.

Kenaka ananyowetsa kansalu. Anapukuta Jenifa kumaso. Anamugoneka pa mphasa. Iyenso anagona pambali pake, chifukwa pansi utsi unali wochepa.

"Puma pang'onopang'ono," anatero Dorika. "Tipume limodzi. Chonchi."

Jenifa anapuma. Dorika anapuma.

Koma mphepo inali yotentha. Posakhalitsa ziguduli zinauma. Dorika anadzuka. Anazinyowetsanso. Anazibwezera pamalo pake.

Zinaumanso. Anazinyowetsanso.

Manja anatopa. Msana unatopa. Madzi anatsika mu ndowa. Anatsika. Anatsikabe.

Zitauma kachitatu, Dorika anapendeketsa ndowa. Munatuluka madzi ochepa chabe. Amenewo anali omaliza.

M'nyumba munali zii. Dorika anatchera khutu. Jenifa anali atagona tulo. M'chifuwa mwake simunkaliranso.

Dorika sanagone. Anakhala tsonga pafupi ndi ndowa yopanda madzi. Ankaopa.

Dzuwa litapendeka, anamva mapazi panja. Chitseko chinatseguka. Analowa amayi. Analowa abambo. Onse anali bii. Nthambi ya amayi inalibenso masamba.

"Moto waima," anatero abambo. Mawu awo anali osasa. "Unafika polambula paja. Unalumpha malo awiri, koma tauzimitsa."

Anakhala pansi n'kutsamira khoma.

"Make Dorika, ndipatseniko madzi akumwa."

Amayi anatenga chikho. Anachilowetsa mu ndowa. Chikho chinagunda pansi. Gwe!

Amayi anasuzumira mu ndowa. Kenaka anayang'ana Dorika.

"Dorika, madzi apita kuti?"

Dorika anayamba kulira. Analoza pazenera. Analoza pachitseko.

"Jenifa amabanika," anatero kenaka. "Ndinanyowetsa ziguduli. Zimangouma. Pepani, amayi."

Amayi anayang'ana Jenifa. Anapita pa mphasa. Anagwada. Anaika khutu pa chifuwa cha Jenifa. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Bambo a Dorika, tabwerani mudzamve," anatero chapansipansi.

Abambo anakwawa ndi mawondo. Nawonso anaika khutu.

"Akupuma bwino," anatero.

Amayi anakoka Dorika ndi kumukhazika pamiyendo pawo, ngati mwana wamng'ono. Zovala zawo zinkanunkha utsi.

"Usalire," anatero. "Wachita bwino, mwana wanga."

"Koma madzi atha."

"Atha, inde. Kudambo aliko ena."

Madzulo amenewo sanaphike. A Bernadetta, a nyumba yoyandikana nayo, anawagawira madzi m'kapoto. Aliyense anamwa kapu imodzi. Amayi anaotcha mbatata ya kachewere. Anadya ndi mchere. Palibe anasamba. Anagona msanga.

M'mawa mwake mphepo inali itasiya. Utsi unali wochepa. Nsonga ya phiri inkaoneka pang'ono. Mbali imodzi inali yakuda.

Amayi anatenga ndowa. Anayenda mpaka pakhonde. Koma anali atatopa kwambiri. Anakhala pansi.

Dorika anadzuka. "Ndipita ndekha, amayi."

"Iyayi," anatero abambo. "Lero kulibe zolambula. Nonse mupume. Kudambo ndipita ndine."

Amayi anadabwa. "Inu? Kukakhala pamzere ndi azimayi?"

"Ine ndemwe."

"Mukatha kusenza?"

"Ndowa ingandikanike ine?"

Dorika anawapangira nkhata ya kansalu. Abambo anaiika m'thumba ndi kunyamuka.

Amayi anayala mphasa pakhonde. Anagona. Dorika anagona pambali pawo. Jenifa anakhala pakati, akusewera ndi zitsononkho. Anatsokomola kamodzi. Kenaka anapitiriza kusewera.

Dorika anagona tulo tokoma. Khosi linapuma. Miyendo inapuma.

Anadzutsidwa ndi phokoso. Ana a m'mudzi ankakuwa. Amayi ena ankaomba m'manja.

Dorika anatikita m'maso. Anaona abambo akubwera m'njira. Ndowa inali pamutu. Anaigwira ndi manja onse awiri. Ankayenda ngati bakha.

Ndowa inapendekera uku. Khavu! Madzi anatayikira paphewa.

Inapendekera uko. Khavu! Madzi anatsikira kumaso.

Madziwo anatsuka mwaye wa dzulo. Kumaso kwa abambo kunali mizeremizere. Wina wakuda, wina woyera.

Jenifa anaimirira. Analoza ndi chala.

"Mbidzi!" anakuwa. "Abambo ndi mbidzi!"

Kenaka anaseka. Anaseka mpaka anagwa chagada pa mphasa. Dorika anadikira kuti amve chifuwa. Chifuwa sichinabwere. Jenifa anangosekabe.

Dorika nayenso anaseka. Amayi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Abambo anatula ndowa. Anagwira khosi lawo.

"Mayo ine!" anatero. "Dorika, umasenza zimenezi tsiku ndi tsiku?"

"Eya, abambo."

Amayi anasuzumira mu ndowa. Madzi anali theka.

"Ena aja ali kuti?" anafunsa.

"Ndasamba," anayankha abambo.

Mvula sinagwe tsiku limenelo. Chimanga sichinadzuke. Koma moto unali utazima, ndipo Jenifa ankapuma bwino.

Amayi anatunga madzi m'kapu. Anapatsa Jenifa. Anapatsa Dorika. Anapatsa abambo.

"Mawa mupitenso," anatero amayi. "Muzolowera."

Abambo anakhala pansi pa mphasa, pafupi ndi Dorika.

"Ndipita," anatero. "Koma Dorika andiphunzitse kaye kayendedwe kake."