Botolo la a Dewey

Anakumana kuntchito kwa Shelby, kukampani yofulula wisiki, pa tebulo lalitali lija amalawitsirapo alendo wisiki akamaliza kuzungulira nkhokwe za migolo. Shelby ndi mdzukulu wanga, mwana wa Vernon. Ntchito yake ndi yothira timadontho m'matambula, n'kumamwetulira anthu amene aphunzira dzulo kutchula bourbon, wisiki wa kwathu kuno, koma lero akufuna kuphunzitsa iwe wobadwira m'fungo lake.

Tsikulo kunabwera mnyamata wa ku Louisville, dzina lake Wade, ndevu zodulidwa ngati wayezera ndi rula. Anzake ankangogugudiza. Iye ayi. Anakweza tambula pa kuwala, n'kuipukusa, n'kulowetsamo mphuno, kenako anati akumvamo uchi, lalanje ndi mtedza wokazinga.

Shelby anamufunsa ngati wadya m'mawa, poti zonse akutchulazo ndi za munthu wanjala.

Wade anaseka. "Nanga inu mukumvamo chiyani?"

"Malaya a agogo anga aamuna."

Pamenepo ndiye mwana analakwitsa. Anamuuza zonse. Anamuuza kuti malemu amuna anga, a Dewey, anagubuduza migolo zaka makumi anayi pa kampani ya kutsidya kwa mtsinje, ija inatsekedwa kalekale. Kuti popuma ntchito anawapatsa botolo limodzi la m'migolo yomaliza. Kuti tsiku limene Shelby anatuluka m'chipatala ali khanda, a Dewey anaimika botololo pamaso pa banja lonse n'kunena kuti, "Ili lidzatsekulidwa tsiku limene mwanayu adzavekedwe mphete."

Shelby akuti maso a mnyamatayo anawala ndi chikondi. Kuwala ndiye anawaladi.

Ine sukulu ndinangoidutsa pamsewu, ndiye mauthenga a pafoni ochokera kwa Wade, Shelby ankandiwerengera yekha m'khitchini mwanga, akudzigwira pamtima.

"Dontho langa la uchi, wadzuka bwanji? Mgolo uliwonse angelo amamwapo gawo lawo, koma iwe anandisiyira wathunthu."

"Ngakhale zaka khumi ndi ziwiri ndidzakudikira. Chokoma chimakhwimira m'mgolo. Paja botolo la agogo lija likadali ndi kapepala kake komata pakamwa?"

Ndinamuuza kuti abwereze kumapetoko. Anati, agogo, inuyo mumakayikira ngakhale abusa. Ndinati abusa sanandifunsepo za kapepala.

Banja lonse linamumeza Wade wosatafuna. Darlene, mpongozi wanga, mayi ake a Shelby, anamukonda chifukwa amapukuta nsapato pakhomo. Mkazi ameneyo akhoza kukwatitsa mwana kwa nkhandwe, bola ipukute mapazi. Ana anga awiri, Vernon ndi mng'ono wake Hoyt, anamukonda chifukwa anapeza woweruza. Awiriwa akhala akukangana zaka makumi awiri pa nkhani ya ayezi. Vernon amaponya ayezi mu wisiki. Hoyt amati munthu wotero akhozanso kuthira madzi m'mafuta a galimoto, ndipo Khirisimasi ina anaponyerana miyendo ya nkhuku, ine ndikuwonerera bwinobwino. Wade anauza Vernon pakhonde kuti kamadzi pang'ono kamatsekula fungo. Anauza Hoyt kuseri kwa nyumba kuti mwamuna weniweni amamwa wouma. Ndinamva zonse ziwiri, poti zenera la kukhitchini kwanga limamva mbali zonse.

Nanga bwanji sindinakuwe? Chifukwa nanenso ndinali ndi changa chobisa.

M'botolo lija munalibe wisiki.

Chaka chimene a Dewey ankadwala chifuwa chomaliza, dokotala anawaletsa mowa, ndipo Darlene anadziika upolisi, kumafufuza mpaka pansi pa bedi. Tsiku lina masana a Dewey anandigwira dzanja n'kuloza pashelefu. Anati, Opal, zaka makumi anayi ndinanyamula chinthu chimenechi pamsana, ndife osachilawa? Ndinamatula kapepala kapakamwa ndi nthunzi ya ketulo. Supuni imodzi tsiku lililonse, yosakaniza ndi uchi, kwa miyezi itatu. Litatha, ndinathiramo viniga wa maapozi ndi shuga wopsereza mpaka mtundu unafanana, n'kumatanso kapepala kaja ndi phala la ufa. A Dewey anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Ankachita manyazi kuti amwa lonjezo la mdzukulu wawo.

Ndiye uthenga uliwonse wachikondi umene Shelby ankawerenga, ine ndinkangomva mapazi a tsiku la mphete akuyandikira. Ndidzamuyang'ana bwanji mwanayu? Ndidzati agogo ako anali wakuba, kapena wakubayo ndine?

Mwezi wa Ogasiti Wade anabwera kudzadya. Ataona botolo pashelefu ya pazenera anagwira mutu ngati waona mwana akusewera pamsewu. Anati dzuwa limapha wisiki wakale, kutentha kumauluza fungo, ndipo iye ali ndi chipinda chapansi chozizira chimene amasungiramo mabotolo ake. Analitembenuza, kuliyang'ana pansi, kusisita kapepala ndi chala. Phala la ufa lija aliona?

Sanalione. Akatswiri amaona zimene akufuna kuona.

Ndinakana kawiri. Shelby anandigwira mapewa. "Agogo, ngati ndikumupatsa moyo wanga wonse, ndingamumane botolo?"

Linapita atalikulunga mu thaulo langa labwino, limenenso silinabwerere.

Patatha milungu iwiri Wade anazima. Lachisanu, Loweruka, Lamulungu, foni yake osayankha. Shelby sanadye. Ankakhala pampando wa a Dewey, foni ili pamwendo, ikangothwanima iye n'kulumpha, koma kupeza ndi Darlene akufunsa ngati wayankha. Anandifunsa ngati ndikuganiza kuti wachita ngozi. Anandifunsanso ngati iye mwini wanenepa, ngati amalankhula kwambiri, ngati ku Louisville kuli akazi odziwa kuvala kuposa iye. Ndinamuuza kuti adye kaye, mwamuna safunidwa ndi m'mimba mopanda kanthu.

Lolemba uthenga unabwera. "Pepa uchi wanga, ndinapita ku Chicago pa nkhani imene udzaimvetse posachedwa. Ndikulonjeza, sudzandidikiranso moyo wako wonse."

Lamulungu lotsatira Wade anagwada pamaso pa Shelby panja pa tchalitchi, mphete ili m'manja. Darlene analira mokweza kuti a kwaya onse amve.

Phwando analiika Loweruka masana pakhonde panga. Sabata imeneyo ndinaswa mbale ziwiri. Ndinaganiza zodwala. Ndinaganiza zogwetsa botololo mwangozi likangofika, koma Wade analibweretsa atalikumbatira ngati khanda la ubatizo, ndipo sanalisiye mpaka tinamaliza nkhuku yokazinga ndi buledi wa chimanga.

Kwathu kuno wisiki wabwino salawidwa ukuona botolo, poti maso amanamiza lilime. Wina amakathira kuseri m'matambula a manambala, aliyense n'kulawa, n'kunena yekha kuti wabwino ndi uti. Hoyt anabweretsa mabotolo ake awiri oti apikisane ndi la bambo ake. Shelby anadula kapepala ndi mpeni wa a Dewey, kenako Darlene, amene samwa, anatenga onse atatu kupita nawo kukhitchini.

Ine ndinagwira mpando ndi manja awiri, kudikira mkuwo. Viniga wa zaka zisanu ndi zinayi sabisala. Akangotsekula, nyumba yonse inunkha.

Ndinamva chitsekerero chikupotoka. Ndinamva kuthira. Mkuwo osamveka.

Darlene anatuluka ndi thireyi, akumwetulira ngati wapambana chisankho. Matambula atatu pamaso pa aliyense.

Vernon anati bambo ake ali mu tambula yachitatu. Hoyt anati yachitatuyo ndi yake yomwe, anagula Lachinayi, ndipo munthu amene lilime lake linafa ndi ayezi asamatchule dzina la bambo. Vernon anaimirira. Tsiku lina ndikanakoka mpando kuti ndionere bwino, koma maso anga anali pa Wade.

Anapukusa tambula yachiwiri, n'kutseka maso. Anati iyi ndiye. Anati akumvamo thabwa lakale, chikopa cha chishalo, ndi thukuta la munthu wolimbikira ntchito. Darlene anavomera kuti wapeza. Hoyt ananunkhizanso yachiwiriyo n'kuyamba kulira, akuti akuwaona bambo atakhala pomwepo.

Koma Shelby sanamwe. Ananunkhiza, n'kuika pansi, n'kununkhizanso.

"Wade, uyu akufanana ndi amene ndimathira kuntchito. Wa zaka zisanu ndi chimodzi uja."

"Mphuno yako yatopa ndi chimwemwe, dontho langa. Imwa, agogo akukuona."

Mwana anayang'ana pansi. Munthu amene amanunkhiza wisiki tsiku lililonse, anayamba kukayikira mphuno yake chifukwa mwamuna wamuitana dontho. Anakweza tambula kuti amwe.

Ndinatambasula dzanja n'kumulanda. Ndinanunkhiza. Wisiki weniweni, wopanda ngakhale kafungo ka viniga. Ndinayang'ana botolo limene Darlene anabwera nalo. Chizindikiro chake chomwecho, msinkhu womwewo. Koma mabotolo akale opanda kanthu anthu amagulitsana, ndipo aliyense wa ketulo akhoza kumata kapepala. Ndikudziwa, poti ndinachitapo.

Apa ndiye panali povuta. Ndikanangokhala chete, a Dewey akanagona ndi ulemu wawo, ine ndi wanga, Darlene osadziwa kanthu mpaka kumanda. Mnyamatayu anali atandipulumutsa osadziwa. Mtengo wake unali umodzi wokha: Shelby.

Ndinati, "Ili si botolo la amuna anga."

Wade anaseka mwaulemu, n'kuuza anthu kuti agogo atopa.

"Ndatopadi. Koma botolo la a Dewey anamwa okha asanamwalire, supuni imodzi patsiku, womwetsa ndine. M'mene munali viniga wanga wa maapozi. Ndinathira ndekha ndi manja awa."

Ndinkayembekeza kuti ayamba ndi Darlene. Koma anayamba ndi Wade, nkhope itayera ngati ufa.

"Viniga? Mukuti munthu wa ku Chicago uja ndamupatsa..."

Anatseka pakamwa, koma ng'ombe inali itatuluka kale m'khola. Botolo la a Dewey anali ataligulitsa ku Chicago, n'kutibweretsera labodza.

Ndiye anayamba kuthamanga ndi mawu. Anati anachitira Shelby yemweyo, mphete siigwa kumwamba. Anati botolo lotero silomwera pakhonde ndi nkhuku, ndi la anthu odziwa kusunga. Anati palibe akanazindikira, onse anali osangalala, si a Hoyt awa akulira? Hoyt anapukuta misozi msangamsanga n'kuvula jekete. Vernon anavulanso yake. Koyamba m'zaka makumi awiri ana anga anaima mbali imodzi.

Shelby anawauza kuti akhale pansi. Sanakweze mawu.

"Ndikufunsa chimodzi, Wade. Tsiku lija unandipempha nambala kuntchito, ukanaipempha ndikanapanda kutchula botolo?"

Munthu amene amapeza mawu khumi pa dontho limodzi la wisiki, anasowa limodzi. Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana tambula, n'kunena kuti poyamba mwina, koma pambuyo pake anamukondadi.

"Poyamba mwina," Shelby anabwereza.

Anavula mphete, n'kuiponya mu tambula yachiwiri. Inalira kamodzi pansi. Anamukankhira.

"Imwa. Wati ndi wabwino."

Galimoto ya Wade isanafike n'komwe pamsewu, Darlene anali atandiyamba. Akuti ndinapha apongozi ake ndi supuni. Ndinamuuza kuti amuna anga anafa akumwetulira, chinthu chimene Vernon sadzachita akapitiriza kudya zophika zake. Vernon anafunsa Hoyt kuti bambo aja amawaona mu wisiki wa zaka zisanu ndi chimodzi anavala malaya amtundu wanji. Zinayambiranso, mpaka mbale yachitatu inasweka.

Shelby ndinakamupeza kuseri, atakhala pa sitepe, akulira mopanda phokoso. Foni inkathwanima pambali pake. Sanandiwerengere.

Ndinakhala naye. Ndinamuuza kuti ngati akufuna kundida andide, ndinamubisira zaka zisanu ndi zinayi. Ndinkaopa kuti ndataya mdzukulu pamodzi ndi thaulo.

Kenako anafunsa, "Ankamukonda? Wisikiyo?"

"Ankatseka maso. Supuni iliyonse ankati, iyi ndabwereka kwa Shelby."

Anaseka ali m'misozi, n'kutsamira paphewa langa. Anati ndiye kuti botolo lija linagwira ntchito imene agogo analisiyira, linamuyesera mwamuna n'kumukana. Ndinati inde, ndipo munthu wa ku Chicagoyo akadzatsekula lake asadzataye, viniga ameneyo amakoma pa kabichi.

Foni inathwanimanso. Shelby anaitembenuza chafufumimba, n'kundifunsa ngati nkhuku yatsalako.