Batani la M'buku la Telala

Anakumana pa siteji ya basi mvula ikuvumba. Mnyamata wogulitsa mabuku akale ankalimbana ndi pepala lapulasitiki, ndipo buku lina linagwera m'matope pafupi ndi mapazi a mtsikana wina, Telala. Linali la masamu, chikuto chitachoka kale.

"Limenelo latha ntchito, chemwali. Lisiyeni," anatero Wamabuku.

"Kwa telala chigamba sichitha ntchito," anayankha mtsikanayo akulipukuta ndi mpango.

"Ndiye tengani. Koma mundipatse nambala yanu, ndizimva m'mene wodwalayo akupezera."

Telala anaseka, n'kumupatsa. Ndani akanakana?

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula yomweyo. "Wadzuka bwanji, duwa langa?" Masana: "Nthiti yanga, popanda iwe ndine buku lopanda chikuto."

Bukulo Telala analiyanika pawindo la shopu yake yosokera, kenaka anasita tsamba lililonse ndi ayironi. Masamu anamukana kale kusukulu, choncho manambala onse anawapaka penti yoyera yotsala pachitseko. Pamwamba pake anayamba kumata zake: tiketi ya basi ya tsiku lija, zidutswa za nsalu, nthenga yomwe anatola akuyenda awiriwiri. Malonjezo ankawasoka ndi ulusi wofiira, chilembo chimodzichimodzi. "Sindidzakusiya, ngakhale dzuwa litatulukira kumadzulo."

Mkulu wake, yemwe ankasita zovala pashopupo, ankangopukusa mutu.

"Anzako chikondi amasunga mumtima, iwe ukuchisoka? Udzatopa n'kumasula."

"Achemwali, inu sitani malaya. Za mtima wanga zisiyeni."

Telala anamusokera Wamabuku shati yabuluu ya mabatani amtengo, ndipo kuseri kwa kolala anaikako kamtanda kofiira, chizindikiro cha dzanja lake. Tsiku lina akukumbatirana, batani limodzi linakodwa m'tsitsi lake n'kuthothoka.

"Bwera nayo ndisokerere," anatero Telala.

"Ayi, mayi wa ana anga. Lisunge. Udzalisokerera tsiku la ukwati wathu."

Telala analisoka pakati pa tsamba lakelake, pa kachidutswa ka nsalu yabuluu yomweyo, ndi lonjezolo pansi pake.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, m'mawa wina m'shopu munalowa namwino wa nkhope yansangala, atanyamula jumbo.

"Atelala, mundisokere shati ya bwenzi langa. Ukwati wathu uli mwezi wamawa, ndipo ndikufuna kumudzidzimutsa. Mutengere saizi pa iyi, ndi imene imamukhala bwino. Batani limodzi akuti linadukira m'basi."

Telala anatembenuza kolala. Kamtanda kofiira kanali pomwepo.

Koma msozi sunagwe. Kodi akanalirira pamaso pa kasitomala chifukwa cha munthu wogulitsa mawu?

"Asisi, bwenzi lanulo limakuitanani kuti chiyani?"

Namwino anamwetulira mwamanyazi. "Amati nthiti yanga."

"Ali nazo zambiri nthiti ameneyo," anang'ung'udza mkulu uja, ayironi ili m'manja.

Telala anakoka bukulo pashelefu, n'kulitsegula patebulo. Namwino anayang'ana batani, anayang'ana shati. Kenaka anatulutsa foni, n'kuyamba kufananiza mauthenga ake ndi mawu a m'bukumo. Za dzuwa lotulukira kumadzulo zinalimo. Za buku lopanda chikuto zinalimo.

"Ngakhale kusinthako mawu amodzi," anatero namwino motsitsa.

"Ndikanatha kukhala chete n'kukusokerani. Koma ine shati ya bodza sindisoka."

Namwino anapinda shatiyo bwinobwino, anathokoza, n'kutuluka.

Dzuwa lisanapendeke Wamabuku anali pakhomo, thukuta lili kamukamu.

"Duwa langa, ndimafuna kukufotokozera ndekha. Zinthu zinangondikulira."

"Duwa lako liti? La kuchipatala kapena la pamakina?"

Ataona kuti uchi sukugwira, anasintha mawu.

"Wandiphwasulira ukwati iwe. Bweretsa buku langa ndikaliotche, anthu asamaone zopusazo."

"M'patse, mng'ono wanga," anatero mkulu wake. "Lipse, uiwale."

Telala anaika dzanja pabukulo. Anakumbukira singano zomwe zinamubaya, maso omwe ankawawa, masana onse amene anzake ankapuma iye akusoka zilembo. Zonsezo zipite pamoto kuti wabodza apume bwino?

"Buku lako linafera m'matope, ndipo unanena wekha kuti latha ntchito. Ili n'langa. Penti ndi yanga, ulusi ndi wanga, zala ndi zanga. Iwe unangoikamo mabodza, ndipo ngakhale amenewo ndawasoka bwino kuposa m'mene unawanenera."

"Ndiye uzisunga mawu anga moyo wako wonse?"

"Likhala pashelefu pomwepa. Mtsikana aliyense wobwera kudzayesa diresi yaukwati, akafuna aziwerenga."

Anatenga sizasi, anadula ulusi wa batani lija, n'kuliika m'chikhatho cha mnyamatayo.

"Unati la tsiku la ukwati. Kapeze wokusokerera."

Wamabuku anatuluka atafumbata batani lake.

Telala anakhala pansi. Apo mpamene misozi iwiri inatsika, ndipo anaipukuta ndi chigamba chachikasu chomwe chinali pafupi. Chigambacho anachiyala pa tsamba latsopano. Masamba oyera anali adakali ambiri, oposa theka la buku.

"Pamenepo usokapo lonjezo la ndani?" anafunsa mkulu wake.

"La munthu aliyense ayi. Pano ndisokapo makina anga ndi inu mukusita, mlomo uli chotupa."

"Iwe mwana, undijambule wokongola."

"Ndipatseni ulusi wobiriwira uwo, achemwali. Wofiira ndathana nawo."