Mchombo wa Daliso

"Osauza munthu, olo apongozi bako," Edna anachenjeza mng'ono wake Violet tsiku lomwe Violetyo ndi mwamuna wake Gershom anabwera kuchokera ku Joni. "Banthu ba muno mu Nangongwe sibazamvetsa. Kambani chabe ati Mulungu ayankha."

Chenjezolo linapita ndi mphepo. Banjali linali litakhala zaka zisanu ndi chimodzi popanda mwana, ndipo fakitale itachotsa anthu ntchito, Gershom anatenga ndalama zonse zimene anamupatsa n'kupita ndi mkazi wake kwa madokotala a ku Joni. Mimba itaoneka, chimwemwe chinamumasula pakamwa. Anafotokozera mayi ake, ba Clementina, mmene madokotala anakumanitsira mbewu yake ndi dzira la Violet m'kambale, n'kubwezera m'mimba mwa mwini wake.

Daliso atabadwa, ba Clementina anabwera kuchokera ku Chanyanya ndi nsomba zouma kudzathandiza. Violet anayamba kuona zinthu. Apongozi ake ankasambitsa mwana osamuimbira. Kawiri anawapeza akumuwerenga zala. Tsiku lina anawaona atagunditsa khutu pachifuwa cha khandalo ngati munthu wogula wailesi yakale. Anansi onse ankati "amake Daliso," koma iwo ankangoti Violet.

Mchombo utagwa, Violet anagwada n'kuupereka kwa iwo, poti agogo ndiwo amakwirira pakhomo pa mwana wawo.

"Nakwirira pansi pa mango paja," anatero madzulo ake, maso ali kumbali.

M'mawa poyanika matewera, Violet anazungulira mtengowo katatu. Nthaka inali gwa, udzu osadulidwa.

Loweruka masana apongozi ali kosamba, Violet anatsegula chikwama chawo. Pansi pa Baibulo panali kabokosi ka machesi. M'katimo munali mchombo uja, wouma, wokulungidwa m'kansalu komweko.

Gershom anabwera kuchokera kogulitsa zovala za salaula dzuwa likupendeka, n'kupeza kabokosi patebulo, mkazi wake ataima, mwana ali kumsana.

"Amayi, ichi n'chani?" Violet anafunsa apongozi ake.

"Manje wayamba kusecha vola vanga?"

"Munakamba ati mwakwirira."

Ba Clementina anamanga chitenje bwinobwino, osapupuluma. "Dothi ya pa nyumba ilandila munthu wobadwa. Uyu ni wopangiwa. Abusa bakamba ati nibweretse mailo pa Sande ku chechi baone ngati ali na mzimu."

"Wopangiwa? Miyezi naini nenze kusanza mu beseni yamene ija! Munanigwira mwendo imwe mweka pobala. Chinachoka ni chani, wailesi?"

"Mzimu upasa ni Mulungu, mu mimba, mu mdima. Uyu banayamba kumuona bazungu mu mbale. Mwana wa bwanji wamene salila usiku?"

"Salila chifukwa akhuta!"

Violet anatembenukira mwamuna wake, misozi ikutsika. "Atate ba Daliso, kambani. Ni magazi yanu aya. Onani makutu, ni yanu yeka-yeka."

Gershom anakanda m'mutu, nayang'ana nsapato zake. "Niziba, amake mwana. Koma kulibe choipa abusa bakaona chabe. Mitima ikhale pansi."

"Mitima ya bandani?"

Pamenepo Violet anakumbukira kuti dzana anadzidzimuka m'mawa n'kumupeza Gershom ataweramira mwana, kagalasi kometera ndevu kali pamphuno pake. Violet ankayesa ndi chikondi cha bambo woopa kuti khanda lasiya kupuma.

"Munaziba," anatero motsitsa mawu. "Munaziba kuti sibanakwirire."

"Violet, mvela..."

"Na imwe mwayamba Violet?"

Violet anatola kabokosi kaja. Ba Clementina anatambasula dzanja, koma iye anakalowetsa m'bulauzi, nalowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa. Daliso anadzidzimuka nalira mokweza, nkhope yonse itafiira.

"Mwamvela?" anakuwa Violet ali m'katimo. "Kapena nako kulila banaika ni madokotala?"



Anakhala pabedi n'kumuyamwitsa. Kamwanako kanagwira chala chake n'kumamuyang'ana, misozi ili m'masaya. Mawa likanakhala Lamlungu: ng'oma, maikolofoni, mchombo wa mwana wake m'manja mwa abusa, Nangongwe yense akusuzumira kuti aone ngati ndi munthu. Ndipo ngakhale abusawo akanavomera, Daliso akanakula akudziwika kuti ndi uja anakamuyesa.

Ndi dzanja limodzi anakoka chikwama pansi pa bedi. Anaikamo matewera, khadi la kusikelo ndi kabokosi ka machesi. Minibasi yoyamba yopita ku Lusaka imanyamuka tambala asanatsike, ndipo imaima pa Shimabala. Kumeneko, kwawo kwa Violet, kuseri kwa dimba la bambo ake, kuli nthaka yofewa, ndipo khasu amalisiya pakhonde.