Mavoti a Kutsidya kwa Mtsinje

Mkangano unayambira pabwalo la ndege la Dublin, apongozi asanatule n'komwe chikwama. Sellina anapita kukawachingamira atabereka mwana wake Chiso pansalu yakale imene anangoitola mofulumira. Tsoka ilo, pansaluyo panali nkhope ya malemu bambo ake, a Ndalapa, ndi chithunzi cha wilibala. Mayi Kamzimbi anayang'ana mdzukulu wawo, kenako nsaluyo, ndipo moni anaumeza.

Nkhani yake ndi yakale. Dera lakwawo la Chimwaza linagawidwa pakati ndi mtsinje. A Kamzimbi, amuna awo a mayiwa, anali phungu wa deralo kuyambira nthawi ya chipani chimodzi, ndipo zipani zitachuluka anapulumukabe kawiri. Mu 2004 mphunzitsi wina wa kutsidya, a Ndalapa, anaima payekha ndi chizindikiro cha wilibala n'kuwagwetsa. Tsiku limenelo anthu anakankha wilibala mozungulira nyumba ya a Kamzimbi uku akuimba nyimbo zowanyoza. Bamboyo sanaonekenso pagulu mpaka imfa yawo. A Ndalapa nawonso sanakhalitse, anagwetsedwa ndi wamalonda wa ku Lilongwe amene amasintha zipani ngati malaya. Amuna awiriwo anagona kalekale, koma mkwiyo unatsala ndi amoyo.

Ndiye pa atsikana onse a padziko, Tarsizio Kamzimbi anakatola mwana wa a Ndalapa, kuno kutali kopanda owaletsa. Iye anabwera kudzachita maphunziro apamwamba, Sellina anali namwino pachipatala chachikulu cha mumzinda wa Dublin. Ankakondana, ndipo za mtsinje ankangoziseka.

Kusekako kunatha apongozi atalowa m'nyumba. Dzina la Sellina sankalitchula, ankamuitana kuti Nawilibala. Chakudya chake ankachilawa ndi nsonga ya lilime. Sellina anapirira, poganiza kuti mlendo sakhalitsa. Chimene sankadziwa n'chakuti mayiwa sanabwerere mdzukulu, anabwerera mwana wawo.

Anazimva yekha madzulo ena akuchokera ku ntchito, ali pakhomo kuvula nsapato. M'khitchini apongozi ankauza Tarsizio kuti wamalonda uja anthu atopa naye, ndipo mafumu akufuna mwana wa Kamzimbi abwerere kukatenga mpando wa bambo ake.

"Koma ukapite wekha," anatero mayiwo. "Anthu akwathu sangavotere munthu wogona m'nyumba ya Ndalapa. Umusiye kuno ndi mashifiti akewo. Mkazi tikakupezera konko."

Sellina anaima chilili, kudikira mawu a mwamuna wake. Anadikira kuti akalipe, kapena angoseka. Tarsizio anangoti, "Ndamva, amayi. Tiona mochitira."

Sellina analowa m'chipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka mwana anadzidzimuka. Sellina analira kwambiri, chifukwa chipongwe cha apongozi anachizolowera, koma "ndamva" uja anamulasa mumtima. Tarsizio anamutsatira n'kumanena kuti munthu wamkulu sutsutsana naye pamaso, ndipo kampeni ndi ya miyezi yochepa chabe. Sellina atamufunsa za mkazi wokamupezera uja, anati zimenezo n'zolankhula za okalamba. Koma m'mawa mwake jekete lake labwino linali litalowa kale m'sutikesi.

M'nyumbamo munakhala ngati pamaliro mpaka tsiku limene Mapopa, mng'ono wake wa Tarsizio, anaimba foni kuchokera kumudzi. Anati malire a madera adulidwanso. Chimwaza yagawidwa pawiri, ndipo mudzi wa a Kamzimbi wokha ndi umene wagwera mbali ya kutsidya. Midzi yonse imene inkawavotera yapita kudera lina. Wofuna mpando tsopano ayenera kukagwada kwa anthu a a Ndalapa.

Munthu amasintha msanga akafuna chinthu. Tsiku lotsatira Sellina anapeza zovala zake zochapa zitapindidwa bwino, tiyi ali pa tebulo. Mayi Kamzimbi, amene mawondo ankawavuta pa masitepe, anagwada pakapeti pamaso pa mpongozi wawo.

"Sellina mwanawe, ndinalakwa. Tiye tonse kumudzi. Ukangoima pambali pa mwamuna wako, anthu akwanu akatsatira. Iwe ndiwe mayi wa banja lino."

Kanali koyamba kumva dzina lake pakamwa pawo, ndipo Sellina anachita manyazi m'malo mwawo. Anawagwira mkono mwaulemu n'kuwakhazika pampando.

"Dzukani, amayi. Si ine mukundigwadira, mukugwadira mavoti a kutsidya."

Kenako anatembenukira kwa Tarsizio, amene anali akumwetulira ngati zonse zakonzeka.

"Bambo a Chiso, ndikufunseni chimodzi. Malire akanapanda kusuntha, mukananditenga?"

Tarsizio anayamba kufotokoza za maloto a malemu bambo ake, za milatho ndi sukulu zimene deralo likusowa, za mmene ndale zimayendera. Analankhula bwino ndithu, monga munthu amene akukonzekera misonkhano. Sellina anamusiya amalize, n'kubwereza funso lomwe lija. Ulendo uno Tarsizio anayang'ana pansi, ndipo amayi ake anayamba kusisima.

Sellina anapukuta misozi. Anati bambo ake ndi apongozi ake aamuna anadana mpaka kumanda chifukwa cha mpando umene pano akukhalapo mlendo, ndipo iye sadzalola kuti Chiso akule akumva kuti mayi ake amasungidwa kapena kutayidwa malinga ndi kumene malire adutsa. Analowa m'chipinda, n'kukoka sutikesi ija mpaka pakhomo.

"Munalongedza nokha, ine sindinawonjezeremo kanthu."

"Sellina, chonde. Popanda iwe sindingapambane."

"Ndikudziwa," anayankha, akunyamula mwana. "Pitani mukaime. Anthu akwathu akakufunsani kuti mwana wa a Ndalapa ali kuti, mukawauze zoona, kuti voti yake munailuza musanakwere ndege."

Anatsegula chitseko n'kuima pambali kuti adutse.