Kamba wa a Makaniko

Madzulo amenewo kunali mvumbi, ndipo akazi awo a Makaniko anatuluka atafunda nsalu kumutu kukatsekera nkhuku. Khola la nkhukuzo linali galimoto yakale ya amuna awo, yomwe inakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Anatsegula chitseko chakumbuyo n'kuwaza madeya pampando monga mwa masiku onse. Nkhuku zinangoima patali, makosi ali m'mwamba. Anaziitana, anazikusa ndi kamtengo, koma zinamwazikana, tambala n'kuulukira padenga la bafa.

Potopa, mayiwo anatsamira pa boneti, koma anachotsapo dzanja msanga. Chitsulocho chinali chotentha ngati poto wongophula kumene, chonsecho dzuwa silinaoneke tsiku lonse. Madontho a mvula ankauma akangogwerapo. Kenaka anamva fungo la petulo, fungo lomwe linatha pamalopo ana awo akadali pasukulu, pakuti galimotoyo inalibe injini. Anakaitana amuna awo. A Makaniko anafika akuseka, anagwira boneti, n'kunena kuti mwina mayiwo malungo akuwayamba. Koma powerama anaona matope ofiira, aawisi, atamatirira m'matayala akuphwa aja, omwe sankagunda n'komwe pansi. Anawapala ndi phazi akazi awo asanaone.

Galimoto imeneyi inali yoyamba m'moyo wa a Makaniko. Anaigula ili chiphapha, n'kuidzutsa ndi manja awo atangomaliza kuphunzira ntchito. Anthu anaitcha Kamba chifukwa cha msana wake wozungulira ndiponso mmene inkakwawira pachitunda. Inanyamulapo akwati, inathamangitsapo amayi apakati kuchipatala, ndipo bokosi la maliro a bambo awo a Makaniko linabwera litamangidwa padenga pake. Ogula zitsulo zakutha ankabwera chaka ndi chaka, koma a Makaniko ankawabweza, amvekere munthu sagulitsa mnzake chifukwa choti wakalamba.

Pakhonde la golosale, pomwe azibambo achikulire ankacheza, nkhani ya magalimoto oyamba sinkatha. Wina ankasimba za yake yomwe chitseko chake ankamanga ndi waya. Wina ankati yake sinkalira popanda kukankha, moti ankafunsira atsikana okhala pamtunda okhaokha kuti pobwerera izingotsetsereka. Koma katswiri wa nkhanizi anali a Hutala, mkulu amene anayendetsa malole moyo wake wonse mpaka matenda a shuga atamudya maso. Tsopano ankayenda ndi ndodo, akupapasa mipanda. Iwo akayamba kusimba, ankasintha giya m'malere, ndipo anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Akamaliza, manja ankangotsala ali pamaondo ngati zinthu zosowa mwini.

Tsiku lina a Hutala anapempha a Makaniko kuti aziwalola kukhala mu Kamba masana, angogwirako chiwongolero, poti manja awo ankachisowa. A Makaniko anamva chisoni ndipo anavomera. Kuyambira pamenepo mkuluyo ankabwera dzuwa lili paliwombo, kukhala pampando wa dalaivala, kutsamiritsa chipumi pa chiwongolero, n'kugona mpaka mithunzi itatalika.

Woyamba kudwala anali telala wa pafupi ndi chigayo. Anasiya makina ali pakati pa msoko, akuti akumva chizungulire. Anagona, koma ankagwira m'mbali mwa bedi mwamphamvu, akudandaula kuti msewu ndi woipa. Ankasanza ngati munthu wosazolowera ulendo, ndipo thukuta lake linkanunkha petulo. Akuchipatala anamuyeza, osapeza kanthu. Nthawi ndi nthawi ankatsegula maso n'kufunsa mkazi wake funso limodzimodzi.

"Kodi tafika?"

"Tafika kuti, bambo? Muli m'nyumba mwanu."

"Muwauze aime, nditsike."

Anamwalira akufunsa funso lomwelo. Maliro ake asanaiwalike, mayi wina wogulitsa tomato anayamba chimodzimodzi, kenaka mphunzitsi wopuma ntchito. Onse ankagwira m'mbali mwa bedi, onse ankafunsa ngati afika.

Amayi otunga madzi pa mjigo ndi amene anayamba kunena za phokoso. Ankati masana, mudzi utati zii ndi kutentha, ankamva injini ikubwera m'kanjira ka kumtsinje. Ankapatuka ndi zidebe zawo kuti idutse, koma sinkaoneka galimoto iliyonse. Linkangodutsa fumbi lotsika, udzu n'kuwerama, kutsala fungo la utsi. Agalu ankalowa pansi pa nkhokwe. Achikulire atamvetsera anayang'anana, chifukwa kutsokomola kumeneko posintha giya ankakudziwa. Kunali kwa Kamba, yemwe ena mwa iwo anakwera popita kuukwati wawo.

Masana ena phokoso litamveka, azibambo anathamangira kwa a Makaniko atanyamula zibonga. Anapeza Kamba ali pa njerwa zake, boneti ikutentha, ndipo mkati a Hutala ali mtulo, dovu likutsikira pa chiwongolero. Anatsitsa mawu. Wina anawagwedeza phewa mwaulemu n'kuwachenjeza kuti asiye kugona m'chinthu chimenechi, tsiku lina chidzawatenga iwonso. A Hutala anathokoza, akuphethira maso awo otuwawo. Kenaka azibambowo anafunsa funso lomwe linali kukhosi kwa aliyense: mwini galimotoyo ali kuti? A Makaniko anali atapita kukakonza thirakitala kutsidya, koma palibe amene anafuna kumva zimenezo.

Kagalaja ka a Makaniko ka m'mphepete mwa msewu kanauma, makasitomala anasiya kubwera. Ngakhale anjinga zamoto ankakankha njinga zawo kupitirira. Pagolosale, a Makaniko akafika, benchi inkatha anthu. Miyala inayamba kugwa padenga, ndipo m'mawa wina anapeza zitseko zagalaja zitapakidwa zonyansa. Akazi awo anasiya kupita ku mjigo anthu akadalipo. Tsiku lina akusita malaya, anaimitsa simbi n'kuwayang'ana amuna awo nthawi yaitali.

"Bambo, takhala limodzi mpaka imvi. Ndiuzeni zoona. Ndinu?"

"Nanunso, mayi?"

"Ngati si inu, itanani a zitsulo aja aichotse pano."

A Makaniko anakana. Ankati kuigulitsa tsopano kunali ngati kuvomera mlandu. Koma pansi pa mtima chifukwa chinali china: sankatha kuganiza za Kamba akuduladulidwa ndi moto. Ankadziuza kuti matope aja anali a ana osewera, ndipo kutentha kwa boneti kunali ndi chifukwa chake chomwe tsiku lina adzachipeza.

Sipanapite nthawi, mayiwo anagwetsa beseni pakhonde n'kukhala pansi atagwira mutu. Pofika mawa lake anali atagwira m'mbali mwa bedi, mfundo za zala zitayera. A Makaniko anawapukuta nkhope, ndipo nsaluyo inanunkha petulo. Mayiwo atatsegula maso n'kufunsa ngati afika, bamboyo anagwetsa nsalu ija pansi. Anatuluka kuseri kwa nyumba osadziwa chomwe akukachita.

Dzuwa linali litapendeka. A Hutala anali atangodzuka, akudziwongola pampando wa dalaivala, nkhope ili ngwee ngati munthu wochokera kuphwando. A Makaniko anatsegula chitseko china n'kukhala pambali pawo. Mpando unali wofunda ngati pachoka munthu. Anawauza mkuluyo kuti kunyumbako zinthu sizili bwino.

"Pepa, mphwanga," anatero a Hutala. "Komatu mlamu wanga wakalamba. Imvi mutu wonse, ndi kachipsera kaja pachibwano. Ndinachita kumuyang'ana kawiri."

A Makaniko anatembenuka n'kuwayang'anitsitsa kumaso. Chipsera chimenecho mayiwo anachipeza chaka chomwecho atagwa pa mjigo, pomwe a Hutala anasiya kuona kalekale. Mkuluyo anazindikira kuti lilime lamutsogolera. Sanachite mantha. Anamwetulira, n'kusisita chiwongolero ndi zala zonse.

Analankhula modekha, ngati akusimba nkhani pagolosale paja. Anati munthu amene wakhala pamsewu moyo wonse sangathe kukhala mumdima akuwerenga mipanda ndi ndodo. Anati maso atangoyamba kuchita khungu anapita kwa munthu wina wodziwa zinthu, yemwe anawauza kuti akapeza galimoto yokondedwa kwambiri ndi mwini wake, idzawayendera ngakhale ilibe injini. Akagwira chiwongolerochi, maso ankatseguka: ankaona msewu, mitengo, nkhope za anthu. Koma galimoto yotere siyenda yopanda wokwera.

"Sindikakamiza munthu, mphwanga. Ndimangoima pakhomo. Amatsegula okha chitseko."

"Mukawasiya kuti?"

"Kumene msewu wathera. Ine ndimabwerera ndekha."

"Mkazi wanga mumutsitse."

"Tapita kale patali. Khala bwino, uone mmene Kamba wako akuthamangira masiku ano."

Anaponda pansi pomwe panalibe n'chopondera chomwe, ndipo galimoto yonse inanjenjemera. Injini yomwe kunalibe inatsokomola n'kulira. A Makaniko anamva mpando ukuwakankha kumsana. Kunja mtengo wa mango unali pomwepo, bafa lili pomwepo, koma mphepo inkalowa pawindo ngati ali pamsewu waukulu. Anakweza maso pa kagalasi koonera kumbuyo. Akazi awo anali atakhala pampando wakumbuyo, atavala diresi lomwe anagona nalo, manja ali pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo ngati munthu amene wasiya kufunsa. Atatembenuka, pampandopo panali madeya ouma okha.

M'thumba la ovolosi munali sipanala. A Makaniko anaitulutsa, n'kugwira nati ya pakati pa chiwongolero, nati yomwe anaimanga okha ali mnyamata. Inali itadyedwa ndi dzimbiri. A Hutala anawagwira dzanja, ndipo mphamvu zawo sizinali za nkhalamba yodwala shuga. Analimbana mopanda mawu, akupumirana kumaso, galimoto ikulumpha ngati yalowa m'maenje. A Makaniko anatsamira sipanala ndi thupi lonse mpaka nati inalira n'kumasuka. Anamenya chiwongolero ndi bondo, chinazuka, ndipo phokoso lonse linaduka nthawi yomweyo.

Anatuluka nacho akuthamanga. Kwa aneba kunali uvuni wa njerwa womwe unkayaka, ndipo anachiponya m'kamwa mwa motowo owotcha njerwa akuyang'ana. Kukuwa kunamveka kuchokera pansi pa mango. Anthu atathamangirako anapeza a Hutala akugubuduka pansi, zikhatho zawo zikutuluka matuza, chonsecho panalibe moto pafupi. Ankalira kuti mdima wabweranso, kuti wina awabwezere msewu wawo. Kenaka anayamba kutchula telala, mayi wa tomato, mphunzitsi, ndi malo omwe aliyense anakwerera. Mkazi wa telala anali pomwepo. Anakhala pansi m'matope.

M'nyumba, akazi awo a Makaniko anali atasiya m'mbali mwa bedi. Anapempha madzi. Anachira pang'onopang'ono, koma mwendo wakumanzere unatsala ukukoka, ndipo sanavomerenso kukwera galimoto ya mtundu uliwonse. Ngakhale kuchipatala ankapita wapansi. Zomwe anaona paulendowo sanauze munthu, kupatula kunena kamodzi kuti kumene ankapitako kunalibe mitengo.

Anthu ankafuna kuwathera a Hutala tsiku lomwelo, koma a Makaniko ndi amene anaima pakhomo la chipinda chomwe mkuluyo anatsekeredwamo, akuti m'mudzimo maliro akwana. Anatumiza uthenga kwa mwana wamkazi wa mkuluyo, namwino wa m'tauni. Anabwera ali wokwiya, akuti anthu osaphunzira awotcha manja a bambo ake akhungu chifukwa cha zikhulupiriro zachabe. Anawamanga mabandeji n'kuwatenga. Sabata yomweyo a Makaniko anaitana a zitsulo. Anaimirira pomwepo mpaka Kamba atatha kudulidwa, ndipo pomwe ankakweza denga lake pa lole, anatembenuka n'kukalowa m'bafa, kukakhalamo nthawi yaitali. Oyandikana nawo anayambanso kuwapatsa moni, ena mwamanyazi, ena ngati palibe chinachitika.

Dzinja litatha, a Makaniko anapita m'tauni kukagula zipangizo, ndipo pamalo okwerera basi anakumana ndi namwino uja. Mkwiyo unali utaphwa, moti anawapatsa moni mwaulemu. A Makaniko anafunsa za a Hutala.

"Bambo ali bwino kwambiri," anatero namwinoyo. "Manja anapola, ndipo anenepa moti simungawadziwe. Kuseri kwa nyumba yanga kuli bwalo losungirako magalimoto akale, aja eni ake amakana kugulitsa. Mlonda wa pamenepo ndi wachifundo, amawalola kukhalamo masana. Akuti tsiku lililonse amasankha ina."

Anayang'ana wotchi n'kupepesa kuti akuchedwa. Anati kuntchito kwachuluka odwala masiku ano, matenda achilendo omwe madokotala sakuwamvetsa, ndipo anathamangira basi yake.