Kaphini Kumbuyo kwa Rauta

Tsiku limene Nasingano analowa mu ofesi ya kampani ya intaneti, anali atalusa kale. Dzulo lake bandulo inamuthera pakati pa phunziro, mphunzitsi wa pa vidiyo atangokweza sizasi kuti aonetse kadulidwe ka kolala. Chithunzi chinangouma, sizasi ili m'malere. Kachitatu sabata imodzi!

Dzina loti Nasingano anamupatsa ndi matelala anzake, ena amati chifukwa cha ntchito, ena amati chifukwa cha lilime. Masana ankasoka mayunifolomu, akaweruka n'kumaphunzira pa foni kasokedwe ka madiresi a ukwati.

"Ndikufuna intaneti ya pakhomo," anauza mayi wa pakauntala. "Yosatha. Osati yongolembedwa kuti yosatha."

Mayi uja anamupatsa kapepala konyezimira. Nasingano anakatembenuza n'kuyamba kuwerenga timalemba ta m'munsi, chala chikutsata mzere ndi mzere.

"Pamwambapa mwati yopanda malire. Nanga pansipa bwanji mukuti ikafika penapake iyamba kukwawa? Malire si amenewo?"

Wina anaseka kumbuyo kwake. Anali mwamuna wamtali, wovala ovololo, atakoleka mkombero wa waya paphewa. Anzake a pantchito ankamutcha Wamakwerero, poti ndiye ankakwera pamadenga a makasitomala.

"Zaka zinayi ndili pano, achemwali, ndinu oyamba kuwerenga timalemba timeneto."

"Ndiye kuti enawo munawapusitsa?"

"Anadzipusitsa okha. Inu tengani iyi." Analoza yachitatu pa kapepalapo. "Siithamanga ngati zinazi, koma mmene yayambira mwezi ndi mmene iuthere. Siisintha mawanga."

Nasingano sanafulumire. Mvula ikagwa imatani? Ikavuta aimbira ndani? Akasamuka nyumba aitenga? Atayankhidwa zonse, anapempha fomu.

Wamakwerero anawerama n'kunong'ona: "Tikailembetsa m'dzina langa, ife antchito amatitsitsirako."

"Nyumba ndi yanga, achimwene. Dzina likhalanso langa."

"Aa! Koma mayi awa!"

Lachisanu lake anafika ndi makwerero ake. Anakwera padenga, anatsitsa waya, n'kukhazika rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, pashelefu pamwamba pa makina osokera, pakati pa chitini cha mabatani ndi mipukutu ya ulusi. Timagetsi tobiriwira tinayamba kuphethira.

"Kabowo aka kumbuyoku musamakaseweretse," anamuonetsa. "Mukabaya ndi kaphini n'kuwerenga mpaka khumi, zonse ndaikamozi zifufutika. Dzina, pasiwedi, zonse. Ibwerera ku zimene zalembedwa pa kapepala komata pansipa. Tsono waifai yanu tiitche dzina lanji?"

"Lililonse."

Anabayabaya pa foni, n'kumutembenuzira. Nasingano anawerenga: Nyenyezi Yanga.

"Nyenyezi ya ndani?"

"Ya amene wakwera padenga n'kuiona pafupi."

"Nanga pasiwedi?"

"Iwe wekha basi. Mulembe mophatikiza."

"Ndisintha mawa lomwe," anatero Nasingano, nkhope ili gwa.

Mawa lija linadutsa. Sanasinthe.

Mameseji anayamba ngati a ntchito. "Ikugwira bwino, achemwali?" Kenaka achemwali anagwa m'njira. "Nyenyezi yanga, wadzuka bwanji? Ndili pamwamba pa nyumba ya nsanjika zitatu, koma chizungulire chandigwira ndi cha iwe."

Nasingano ankayankha mwachidule: "Gwiritsa makwerero, ungagwe." Koma ankawerenga meseji iliyonse kawiri, mwina katatu, makina ataima, phazi lili pa pedulo.

Mkulu wake, amene ankagwira unamwino ndipo ankagona chipinda chinacho, anaona zonse.

"Iwe, intaneti yathuyi imafa Loweruka lililonse? Mmisiri wake sachoka pano bwanji?"

"Amabwera kudzaiyendera, achemwali."

"Atadzola pafyumu? Rauta imanunkhiza?"

Inatha miyezi itatu Nasingano asanamulole Wamakwerero. Anamufunsa mafunso ngati a tsiku la fomu lija. Unakwatirapo? Uli ndi mwana? Alipo wina amene akuganiza kuti ndiwe wake? Wamakwerero anaika dzanja pamtima.

"Palibe, wapamtima. Chikondi changa chilibe timalemba ta m'munsi. Tembenuza uone."

"Ukadzandinamiza?"

"Ndidzagwe padenga!"

Ndani sakanakhulupirira? Munthu amene anamuuza zoona pa kapepala ka kampani yake yomwe, akanamunamiza bwanji pa za mtima?

Intaneti ija inagwiradi ntchito yake. Maphunziro sanadukenso. Nasingano anayamba kuika zithunzi za ntchito zake pa intaneti, ndipo tsiku lina analandira uthenga umene anauyembekezera chaka chathunthu. Mphunzitsi wina wa sukulu ya mkaka, wokhala mbali ina ya tauni, ankafuna diresi la ukwati. Diresi lake loyamba!

Anakwera mabasi awiri, tepi ili m'khosi, kope la miyezo lili m'chikwama. Bandulo anali atasiya kugula, kotero foni yake ikachoka pakhomo inkangokhala duu.

Mkwatibwi anali mtsikana wansangala, wolankhula ngati akuimba. Anaimirira pakati pa balaza, manja atatambasula.

"M'chiunomu muthinitse, asisi. Bamboyo akandiona aiwale dzina lake!"

"Pumani kaye, musadzikoke mimba. Tsikulo mudzafuna kudya."

Nasingano anagwada kuti ayeze kutalika. Pomwepo m'chikwama munalira. Ting'! Ting'! Ting'!

Anadabwa. Mameseji akulowa bwanji? Anatulutsa foni. Pamwamba pake kachizindikiro ka waifai kanali katadzaza, ngati ali kunyumba kwake. Anatsegula kuti aone dzina.

Nyenyezi Yanga.

Anakweza maso. Pamwamba pa kabati panali rauta, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Foni siilowa yokha pa waifai ya eni, pokhapokha dzina ndi pasiwedi zikhale zomwe ikuzidziwa kale. Zimenezi anamuphunzitsa ndi Wamakwerero yemweyo.

Komabe anadziletsa. Mwina amatcha choncho kwa makasitomala onse. Mwina ndi ulesi chabe wa pantchito. Munthu sumuweruza ndi kachizindikiro ka pa foni.

"Intaneti yanu ndi yabwino," anatero. "Anakuikirani ndani?"

"Mwini diresili, mkwati wanga!" Mkwatibwi anaseka. "Ndi ntchito yake. Dzinalo ndi limene amanditchula ine. Pasiwedi musandipemphe, asisi, ndi chinsinsi cha anthu awiri."

"Iwe wekha basi," anatero Nasingano. "Mophatikiza."

Manja a mkwatibwi anatsika pang'onopang'ono.

"Wakuuzani ndani?"

"Amene anakuuzani inu."

"Bodza! Mwaona pena pake! Mwabwera kudzayeza kapena kudzafufuza m'nyumba mwanga?"

Nasingano anaimirira. Anatsegula meseji imene inali itangolowa n'kumupatsa foni. "Nyenyezi yanga, dzuwa likuotcha padenga pano, koma ndikakumbuka iwe ndikumva kamphepo."

Mkwatibwi anawerenga. Anatenga foni yake patebulo, anatsegula, n'kuziika pamodzi. Mawu omwewo. Ngakhale chilembo chimene anaphonya chinali chomwecho. Zinangosiyana ndi mphindi imodzi.

Anakhala pansi pomwepo, pa simenti, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu.

Nasingano anapinda tepi yake bwinobwino.

"Sindinadziwe za inu, ndipo sindikulimbirana nanu. Miyezo ndalemba. Mukati ndisoke, ndisoka, ndipo lidzakhala diresi labwino. Koma ine sindidula nsalu mwini wake asanatsimikize. Mundiuze."

M'basi sanalire. Analira atafika, nkhope ataibisa pa mulu wa mayunifolomu, mkulu wake akumusisita pamsana.

"Ndinawerenga timalemba tonse, achemwali! Tonse! Nanga apa ndinaphonya pati?"

"Sunaphonye. Unafunsa, iye ananama. Wochita manyazi akhale iyeyo."

Loweruka masana Wamakwerero anafika monga mwa nthawi zonse, akuimba kaluzu. Asanagogode n'komwe, foni yake inalira m'thumba, italowa kale pa waifai.

"Nyenyezi yanga! Bwanji sukuyankha mameseji? Ndadwala nawe, ukudziwa?"

Nasingano anali pa makina, tiphini titatu atabaya pa kolala ya bulauzi yake. Sanamupatse mpando.

"Foni yako imalowa nyumba zingati osagogoda?"

"Ukutanthauza chiyani, wapamtima?"

"Yanga yalowa imodzi Lachinayi. Kwa aphunzitsi a sukulu ya mkaka. Ndinapita kukayeza diresi la mkazi wako."

Kaluzu kanathera pomwepo. Wamakwerero anayang'ana rauta, anayang'ana chitseko.

"Amene uja ndi kasitomala chabe. Amangodzipatsa..."

"Kasitomala wa mphete?"

"Mvetsera, duwa langa. Zija ndi za makolo, akundikakamiza. Mtima wanga uli kuno. Ndipatse mwezi umodzi ndikonze zonse, ndikulumbira!"

"Usalumbire, ungagwedi padenga. Ndingofuna kudziwa chimodzi. Mayina onse ali padzikoli, unalephera kupeza lina? Ngakhale pasiwedi?"

Munthu akapanikizika amayankha zoona mosafuna.

"Ndimaiwala mapasiwedi," anatero motsitsa. "Ndimafuna foni izingolowa."

Mkulu wake, amene anaima pakhomo la chipinda atapinda manja, anaphulika kuseka.

"Mayo ine! Chinyengo chaulesi! Kunama ukufuna, koma kuloweza mawu awiri ayi?"

Manyazi anasanduka ukali. Wamakwerero anawongola ovololo yake.

"Sekani. Koma intaneti iyi ndinaika ndine. Ikavuta mudzaitana ndani? Ndikangolankhula ku ofesi, Lolemba aidula. Tione maphunziro akowo!"

Mtima wa Nasingano unagunda, poti maphunziro aja ndiwo anali tsogolo lake. Koma anakumbuka fomu ija, ndi dzanja limene linasaina.

"Aidula m'dzina la ndani?"

Nasingano sanadikire yankho.

"Unati tilembe lako, ndinakana. Amisiri ku ofesi kwanu alipo asanu ndi mmodzi, ndinafunsa tsiku lomwe lija. Makwerero si iwe wekha uli nawo."

Anaimirira, anazula kaphini kamodzi pa kolala, n'kutsitsa rauta pashelefu. Anaitembenuza. Kabowo kaja kanali pomwepo.

"Usatero, nyenyezi! Tikambirane kaye!"

"Unandiphunzitsa wekha. Mpaka khumi, eti?"

Anabaya.

"Wani. Thuu. Fili."

"Wapamtima, chonde!"

"Folo. Faifi." Mawu ananjenjemera pa sikisi, misozi inatsika pa seveni, koma chala sichinasunthe. Mkulu wake anamuthandiza kumaliza, mokweza ngati ali m'kalasi.

"Teni!"

Timagetsi tonse tinazima. Wamakwerero anatulutsa foni yake n'kuiyang'ana. Kachizindikiro kaja kanali katachoka.

"Chitseko ndi icho," anatero Nasingano. "Chimenecho chokha ndiye chilibe pasiwedi."

Atapita, Nasingano anakhala pansi ndi kapepala ka pansi pa rauta. Zinamutengera ola lathunthu, kulakwitsa n'kuyambiranso, koma sanaimbire munthu. Pomaliza timagetsi tinabwerera, tobiriwira ngati kale. Pa dzina analemba kuti Gogodani Kaye. Pasiwedi anauza mkulu wake yekha.

Mtima unkawawabe, ndipo ankadziwa kuti uwawa masiku ambiri. Anapukuta m'maso, anatsegula phunziro la tsikulo. Mphunzitsi wa pa vidiyo anakweza sizasi, ndipo sizasi inatsika n'kudula mpaka kumapeto.

Ting'!

Unali uthenga wa mphunzitsi wa sukulu ya mkaka.

"Asisi, nsalu ija musadule. Koma ndithandizeni chinthu chimodzi. Dzina la waifai amalichotsa bwanji?"

Nasingano anayang'ana kaphini kali patebulo, n'kumwetulira koyamba chichokereni Lachinayi.

"Musadandaule, asisi," analemba. "Muli ndi phini pafupi?"